Mmene Mungapezere Gulu la Anthu Othandizana Kusiya Mowa ku Salima

Munthu amene watsimikiza mtima kuti asiye mowa kuno ku Salima amazindikira msanga kuti palibe chikwangwani cholozera kumene anzake a vuto lomwelo amakumana. Malo omwera ndiwo amadziwika ndi aliyense, kuyambira pa Kamuzu Road mpaka ku Senga Bay, Chipoka ndi Lifuwu, pamene magulu othandizana kusiya mowa, kumene alipo, amakumana mwakachetechete m'kalasi ana ataweruka kapena m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, ndipo sadzilengeza chifukwa chinsinsi ndicho chimawasunga. Gulu limene tikunena pano ndi la anthu amene mowa unawagonjetsa, amene amakhala pansi pamodzi mlungu ndi mlungu, aliyense n'kumafotokoza mmene wakhalira osamwa chikumanirane komaliza. Gulu lotere limapezeka pofunsa anthu oyenera, ndipo pali amene muyenera kuyamba kuwafunsa ena onse asanafike.

Yambirani kuchipatala

Musanafunefune gulu, ganizirani mmene thupi lanu limachitira m'mawa musanamwe. Ngati manja amanjenjemera mpaka tiyi kutayikira m'sosala, ngati mumatuluka thukuta usiku, kuchita nseru ndi kuthamanga mtima, ndipo zonsezi zimaleka pokhapokha mwamwa kabotolo kochotsera matsire, ndiye kuti thupi lazolowera mowa kotero kuti kuusiya mwadzidzidzi n'koopsa. Kunjenjemera kumayamba pakatha maola 6 mpaka 24 chimwereni komaliza. Ena amagwa n'kumaphupha ngati wodwala khunyu m'masiku awiri oyambirira, ndipo pakati pa tsiku lachiwiri ndi lachinayi ena amatentha thupi, kubwebweta, kusazindikira abale awo ndi kuona tizilombo tikuyenda pakhoma. Zikafika pamenepa munthu angathe kufa. Achibale ambiri amataya nthawi poganiza kuti walodzedwa, pamene chofunika ndi kuthamangira naye kuchipatala cha boma cha Salima kapena chipatala chaching'ono chapafupi, n'kuwauza achipatala kuti wodwalayo amamwa tsiku ndi tsiku ndipo wangosiya kumene.

Chenjezoli likukhudza kwambiri asodzi ndi alovi (ogwira ntchito m'mabwato a usodzi) amene amapita kuchilumba cha Mbenji, kumene malamulo a dera la Mfumu Makanjira amaletsa mowa. Munthu amene wakhala akumwa kachasu tsiku lililonse m'miyezi ya dzinja imene chilumba chimakhala chotseka, akakwera boti n'kukasiyira mowa pakati pa nyanja, amakhala atadziika kutali ndi chithandizo pa masiku enieni amene angachifune. Wotero akaonane ndi achipatala kudakali milungu ingapo kuti chilumba chitsegulidwe.

Popita tengani buku lanu la kuchipatala, ndipo pemphani kuonana ndi namwino kapena dokotala woona za matenda a maganizo. Ambiri amabwerera pakhomo akamva zimenezi poopa kuti anthu aziti apenga, koma vuto la mowa limasamalidwa ndi gawo limenelo, ndipo ndi iwo amene amadziwa ena amene akulimbana nalo m'bomali. Auzeni zoona zokhazokha: ngati ndi kachasu, masese, Chibuku kapena timabotolo ta mowa waukali timene tinachuluka boma litaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, mumamwa wochuluka bwanji, mumayamba nthawi yanji, ndiponso ngati munagwapo n'kuphupha mutayesa kusiya. Kuchepetsa chiwerengero chifukwa cha manyazi kumasocheretsa munthu amene akuyeza mlingo wa mankhwala anu. Nthawi zambiri amapereka diazepam wa masiku ochepa woti thupi lidekhe, pamodzi ndi vitamini B1 woteteza ubongo. Mankhwala amenewa musagule pamsika kapena kupempha kwa mnzanu, chifukwa diazepam akasakanikirana ndi mowa amafooketsa kupuma, ndipo nayenso amazolowereka. Ngati mukumwa ma ARV kapena mankhwala a TB, nenani tsiku lomwelo, popeza chiwindi chimene mowa wachitopetsa ndi chomwecho chimene chimasenza mankhwalawo.

Funsani funso lolunjika

Musanatuluke m'chipindamo funsani kuti, “Kodi alipo ena a vuto ngati langali amene amakumana, ndipo amakumana kuti?” Funso loti “ndithandizeni kusiya mowa” limakupezetsani uphungu, umene ndi wabwino, koma silikufikitsani kwa anzanu. Namwino saloledwa kukupatsani mayina a odwala ena, ndipo mumuthokoze akakana, chifukwa ndi mmenenso adzasungire dzina lanu. Chimene angachite ndi kutenga nambala yanu ya foni, inu mutavomereza, n'kuipereka kwa wina amene anasiya mowa kale kuti iyeyo akuimbireni. Pemphani zimenezo mwachindunji, chifukwa pamzere pakakhala odwala ambiri iye sangaziganizire yekha.

Kwa amene amakhala kutali ndi boma, monga ku Khombedza, Thavite kapena Ngodzi, munthu woyamba ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, amene amayenda m'midzi ndipo amadziwa magulu amene akukumanadi ndi amene anangotsala dzina. Ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya pa boma nayo imadziwa mabungwe amene akugwira ntchito m'bomali pa nthawiyo. Atsogoleri a magulu a anthu amene ali ndi HIV, monga a NAPHAM, ndi ofunika kuwafunsa ngakhale inu mulibe kachilombo, chifukwa akhala akuyendetsa misonkhano yosunga chinsinsi kwa zaka zambiri ndipo amadziwa amene anasiya kumwa pakati pawo.

Abusa, ansembe ndi mashehe amamva nkhani za mowa pafupifupi mlungu uliwonse, kawirikawiri kuchokera kwa akazi a anthu akumwa. Afikireni panokha, osati pambuyo pa mapemphero pamene anthu adzaza pabwalo, ndipo muwauze momveka kuti, “Abusa, pemphero ndikulifuna, koma ndikufunanso munthu amene anamwapo ngati ine n'kusiya, woti ndizikumana naye.” Mukapanda kunena chomwecho mudzapemphereredwa, mudzalimbikitsidwa kubwera Lamlungu, ndipo Lachitatu madzulo chibaba chikadzafika mudzakhala muli nokha. Ndikuona kuti apa ndi pamene anthu ambiri a mtima wabwino amaphonya, chifukwa amayesa kuti kulapa pagulu kamodzi kungalowe m'malo mwa kukumana kwa mlungu ndi mlungu.

Pali zipatala zakutali zimene achipatala cha boma angakutumizeniko vuto likakhala lalikulu. A St John of God, amene ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, amathandiza anthu amene akodwa ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, ndipo chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo chili ku Zomba. Funsani za malipiro ndi za malo musanakwere minibasi, ndipo mukalankhula nawo afunseninso ngati pali anthu a ku Salima amene anathandizidwa kumeneko n'kubwerera kwawo, amene angavomere kulumikizana nanu.

Za magulu a AA ndi misonkhano ya pa foni

Magulu ambiri otere padziko lapansi amatsata njira ya Alcoholics Anonymous, imene anthu amangoitcha AA. Inayamba mu 1935 mumzinda wa Akron ku America, pamene amuna awiri amene mowa unawasautsa, Bill Wilson ndi dokotala Bob Smith, anaona kuti akamalankhulana za vuto lawo ankatha kukhala osamwa, zimene aliyense payekha ankalephera. Magulu a AA amatsata mfundo 12, ndipo yoyamba ndi kuvomereza kuti mowa wakuposa mphamvu ndipo moyo wako wasokonekera. Palibe ndalama yolowera, gululo silikhala pansi pa mpingo kapena chipani, ndipo chofunika kuti munthu akhale membala n'chimodzi chokha, ndicho kufuna kusiya kumwa. Amatchula Mulungu monga mmene aliyense amamumvetsera, zimene zikutanthauza kuti Msilamu ndi Mkhristu angakhale pa benchi limodzi popanda wina kukoka mnzake, ndipo m'boma la zipembedzo zosakanikirana ngati lathuli zimenezo n'zofunika.

Misonkhano yokhala ndi dzina la AA n'kwapafupi kuipeza m'mizinda ikuluikulu kusiyana ndi m'maboma a kunyanja. Lembani dzina la bungweli pa intaneti pamodzi ndi mawu akuti Malawi kapena Lilongwe, ndipo mukapeza nambala imbani kaye, chifukwa zolembedwa pa intaneti zimakalamba pamene malo ndi nthawi zinasintha kale. Funsani ngati msonkhanowo ndi wotseguka, umene wachibale angalowe nanu, kapena wotseka, umene ndi wa okhawo amene ali ndi vuto la mowa. Kuchoka ku Salima kufika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 100 pa msewu wa M14, ndipo ndi ochepa amene angalipire ulendo umenewo mlungu uliwonse. Pitani kamodzi kapena kawiri kuti mukaone mmene msonkhano umayendera ndi kutenga manambala a foni a anthu awiri kapena atatu. Tengani ndalama ya thiransipoti yokha, ndipo ngati n'kotheka pitani ndi mbale wanu, chifukwa munthu amene wangosiya kumwa, ali ndi ndalama m'thumba pa depoti pamene palibe womudziwa, amakhala pamayesero aakulu kuposa ali kwawo.

Amene ali ndi foni yamakono angalowe misonkhano ya pa Zoom, imene imachitika usana ndi usiku ndipo ndandanda yake imapezeka pa tsamba la Online Intergroup of Alcoholics Anonymous. Misonkhano ya ku South Africa ndi yosavuta kuitsata chifukwa nthawi yawo ndi yofanana ndi yathu. Yambiri imachitika m'Chingerezi, ndipo imadya mayunitsi, koma mukazimitsa kanema n'kumangomvetsera mawu ndalama imachepa. Lembani dzina loyamba lokha. M'magulu a pa WhatsApp kumbukirani kuti nambala yanu imaoneka kwa aliyense, choncho musalembemo zimene simungafune kuti zifike kwa apongozi anu. Misonkhano ya pa foni imathandiza usiku umene tulo tikusowa, koma siingabwere kunyumba kwanu mukasowa milungu iwiri, ndipo n'chifukwa chake kagulu ka anthu atatu kamene mungafikeko wapansi kapena pa kabaza kamaposa msonkhano wotchuka wakutali.

Liyeseni gulu musanalikhulupirire

Si gulu lililonse lotchula za kusiya mowa limene lingakuthandizeni. Onani amene akulankhula: ngati ndi munthu mmodzi yekha amene sanamwepo, ndipo enawo akungomvetsera atazolika, umenewo ndi ulaliki kapena phunziro. Onani ngati anthu akunena za iwo eni kapena akukamba za anzawo amene sanabwere, chifukwa amene akunena mnzake lero adzanena inu mawa. Thawani kulikonse kumene akufuna ndalama yolembetsera, kumene akugulitsa mankhwala oti akuti amadanitsa munthu ndi mowa, kapena kumene akukuuzani kuti musiye ma ARV kapena mankhwala ena a dokotala posonyeza chikhulupiriro. Achibale nawo asayerekeze kuthira mankhwala osanzitsa m'chakudya cha munthu mobisa, chifukwa angamuvulaze, ndipo akadzazindikira sadzakhulupiriranso aliyense pakhomopo.

Amayi afunse ngati m'gulumo muli amayi ena, ndipo ngati mulibe, apite ndi mnzawo ku msonkhano wotseguka kapena apemphe namwino kuti awalumikize ndi mayi wina. Mayi wakumwa amanyozedwa kuposa bambo, ndipo ambiri amamwera m'nyumba mobisa, makamaka amene amatcheza kachasu kuti apeze ndalama ya sukulu ya ana. Kwa wotero kusiya kumwa kumakhudzanso bizinezi yake, ndipo gulu labwino limamvetsera nkhani imeneyo popanda kumuweruza.

Msonkhano woyamba

Fikani mofulumira pang'ono musanamwe kanthu, ndipo muuzeni amene akukonza mipando kuti ndinu mlendo. Nthawi zambiri mipando imazungulira, woyendetsa msonkhano amakhala mmodzi wa mamembala, ndipo amayamba ndi kukumbutsa kuti zonenedwa m'chipindamo zitsale momwemo. Kenako wina amatchula dzina lake loyamba, n'kunena kuti, “Ndine chidakwa,” ngakhale atakhala kuti anasiya zaka zambiri zapitazo, ndipo amafotokoza mwina mmene anadutsira pa malo ake akale tsiku la msika, anzake akumuitana kuti, “Achimwene, kamodzi kokha sikapha,” iye n'kungokweza dzanja osatsika panjinga. Palibe amene amamudula mawu kapena kumupatsa malangizo. Ikafika nthawi yanu mukhoza kunena kuti, “Lero ndingomvetsera,” ndipo palibe amene angakukakamizeni. Kumapeto kambale kamazungulira kuti amene ali nayo aponyemo yogulira tiyi ndi shuga, ndipo wopanda ndalama amangokapatsira mnzake. Zonse zimatenga pafupifupi ola limodzi.

Salima ndi yaing'ono, ndipo n'kutheka kuti mudzapezamo munthu amene mumamudziwa, mwina mphunzitsi wa mwana wanu kapena wogulitsa pa golosale imene mumakongola. Kumbukirani kuti iyenso wabwera ndi vuto lomwelo ndipo akuopa chimodzimodzi. Mukakumana kumsika mupatsane moni wamba, osatchula za msonkhano. Musaweruze gulu ndi tsiku limodzi, chifukwa tsiku loyamba munthu amamva manyazi ake okha. Pitani kangapo motsatizana kenako muone ngati mwamvapo nkhani yofanana ndi yanu.

Pakati pa msonkhano ndi msonkhano

Musachoke opanda manambala a anthu awiri, ndipo muwaimbire mawa lake ngakhale palibe vuto, kuti tsiku la vuto dzanja lisadzaleme. Pakapita milungu ingapo sankhani munthu amene wakhala nthawi yaitali osamwa, bambo kwa bambo, mayi kwa mayi, kuti akhale wokuyendetsani, amene a AA amamutcha sponsor. Ameneyu si wokukongozani ndalama kapena wokupezerani ntchito. Ntchito yake ndi kuyankha foni ndi kukuuzani zoona.

Muuzeni masiku anu oopsa, chifukwa amadziwika kale. Kwa wapantchito ndi kumapeto kwa mwezi, kwa mlimi wa mpunga ku Lifuwu kapena wa thonje ndi tsiku logulitsa, ndipo kwa mlovi ndi m'mawa umene usipa waphedwa wambiri ndipo agawana ndalama padoko, komanso masiku amene mwezi ukuwala ndipo mabwato a nyali sakulowa m'madzi, anthu n'kumangokhala. Maliro, ukwati ndi chinamwali nazo zili m'gulu lomwelo. Konzani pasadakhale kuti ndalama idzasungidwa ndi yani, ndiponso kuti mudzakhala ndi yani madzulo amenewo. Chibaba cha mowa chili ngati mwera, umene msodzi wanzeru salimbana nawo pamadzi koma amakokera bwato kumtunda n'kudikira kuti udutse, ndipo kuimba foni, kudya chakudya ndi kuchoka pamalopo ndiko kudikirako. Lonjezo limene magulu amenewa amalimbikitsa ndi la tsiku limodzi lokha, kuti lero sindimwa, chifukwa lumbiro la moyo wonse limalemera ndipo likasweka munthu amataya mtima.

Mukagwa n'kumwa, pitani ku msonkhano wotsatira ndipo mukanene. Ambiri amene akhala zaka osamwa anagwapo, ndipo chimene chimawononga anthu ndi kubisala chifukwa cha manyazi mpaka mlungu umodzi wakumwa usanduke chaka. Ngati mwamwa kwambiri masiku angapo motsatizana, bwererani kuchipatala musanasiyenso. Ngati mukuganiza zodzipha, uzani munthu nthawi yomweyo ndipo akuperekezeni kuchipatala tsiku lomwelo.

Mukafufuza n'kupeza kuti kulibe

M'madera ambiri a boma lino yankho lidzakhala lakuti gulu kulibe, ndipo zikatero liyambitseni. Mwambo wa AA umanena kuti zidakwa ziwiri kapena zitatu zikakumana ndi cholinga chokhala osamwa, limenelo ndi gulu. Pemphani chipinda kusukulu, kutchalitchi, kumadrasa kapena kuchipatala chaching'ono, kutali ndi malo omwera, ndipo musakumanire kunyumba kwa munthu, kumene ana amamvetsera pazenera. Adziwitseni amfumu kuti pali anthu amene akukumana pofuna kusiya mowa, osapereka mayina. Sankhani tsiku ndi ola limene kale munkakhala muli kumowa, monga Lachisanu madzulo kapena Loweruka masana, ndipo musalisinthesinthe. Kumadoko ganizirani za mwezi ndi nthawi imene alovi amagona akatuluka m'madzi, kuti msonkhano usagwere pa ola limene onse ali m'tulo.

Malamulo akhale ochepa ndipo aziwerengedwa nthawi zonse poyamba: chinsinsi, kulankhula za iwe mwini, kusadulana mawu, ndi kusinthana poyendetsa msonkhano kuti pasakhale mwini gulu. Padzabwera anthu ofunsa ngati pali alawansi kapena ngati bungwe lina lidzabweretsa thandizo, ndipo muwayankhe tsiku loyamba kuti palibe. Musasandutse gululo banki m'khonde, ngakhale maganizowo amaoneka abwino, chifukwa amene walephera kubweza ngongole amasiya kubwera, ndipo ameneyo ndi amene akufunika msonkhano kuposa onse. Amene akufuna kusunga ndalama pamodzi achite zimenezo tsiku lina ndi dzina lina.

Akazi, amuna ndi ana akuluakulu a anthu akumwa angakumanenso paokha, monga amachitira a Al-Anon, gulu la achibale limene linayamba mu 1951, koma akhale m'chipinda china, chifukwa palibe amene angaulule za ndalama ya feteleza imene anamwera mkazi wake atakhala pambali. Kumene kuli nkhanza m'banja, nkhaniyo ipite ku Victim Support Unit ya kupolisi, gulu lisayese kuiweruza.

Wina akabwera ataledzera, amuloleze kukhala ngati sakusokoneza, koma asalankhule tsiku limenelo, ndipo anthu awiri acheze naye panja msonkhano ukatha. Wina akabwera akunjenjemera, akutuluka thukuta kapena akulankhula zosamveka atasiya kumwa dzulo kapena dzana, msonkhano uime ndipo aperekezedwe kuchipatala. Mukakumana kwa mwezi wathunthu osadumphitsa, lembani tsiku, ola, malo ndi nambala imodzi ya foni pakapepala, mukapereke kwa namwino wa matenda a maganizo pachipatala cha boma ndi kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, ndipo muziwadziwitsa nthawi iliyonse imene malo kapena nambala yasintha.